Tinatsatira K500 Mpaka ku Katete

Kwa zaka ziwiri tsopano, pa kutha kwa mwezi uliwonse, takhala tikutumiza K500 kwa amayi aakulu amene amakhala kumudzi m'boma la Katete. Iwo ndi mkulu wawo wa malemu amayi athu, ndipo ndiwo anatilera ife awiri, ana a mimba imodzi, kufikira pamene tinapeza nchito ku Lusaka. Kutumiza kwake sikutenga nthawi. Timatenga lamya, kudina *115#, kulemba nambala ya wolandira ndi kuculuka kwa ndalama, kuika nambala yacinsinsi imene anthu amati pini, ndipo tiyi asanazizire uthenga umabwera wakuti ndalama zapita. Popeza amayi aakulu sanapite kusukulu, ndiponso maso awo ayamba kucita cidima, lamya yawo imasungidwa ndi mdzukulu wawo, mnyamata wa zaka 17, mwana wa malemu mlongo wathu.

M'mwezi wa Meyi 2025 tinawaimbira monga mwa nthawi zonse. "Zikomo ana anga," anatero, "K400 ija ndalandira." Tinayang'anana. Mwezi wotsatira anathokoza K370. Pa lamya sitinanene kanthu, koma mumtima tinali titaweruza kale mlandu: mnyamata uja wayamba kudya ndalama za ambuya ake. Kwa ife Acewa, malume ndiye mwini mbumba, ndipo mwana wa mlongo akasokera, woyenera kumubweza ndi malume. Motero tinapempha chuthi ca masiku anayi, tinagula shuga ndi sopo, ndi kuyamba ulendo wa makilomita pafupifupi 500 pa msewu wa Great East.

Kunyamuka pa Intercity

Basi ya ku Chipata inacoka pa Intercity nthawi ya 5 koloko m'mamawa, mphepo ya mu Julaye ikulowa m'mafupa. Ngakhale kunali kusanace, tinyumba ta ndalama tina tinali titatsegulidwa kale: tofiira ta Airtel, tacikasu ta MTN, ndi tobiriwira ta Zamtel. M'kanyumba kalikonse munali mtsikana kapena mnyamata atafunda citenje, ali ndi lamya ziwiri kapena zitatu, buku lolembamo, ndi kacikwama ka ndalama pamiyendo. Apaulendo anali kuikapo ndalama zawo asanakwere, kuti asayende nazo m'thumba, ndipo ena anali kutapa zocepa zolipirira katundu.

Owerenga acikulire akukumbukira mmene zinthu zinalili m'masiku a mabasi a UBZ. Wofuna kutumiza ndalama kumudzi anali kubwera pa siteshoni ndi envelopu, kufunafuna munthu wa kwawo kapena kondakitala wodziwika, ndi kumupempha kuti akaisiye pa sitolo yakutiyakuti. M'kalata anali kulembamo kuculuka kwa ndalamazo, cifukwa envelopu inali kutha kuwonda panjira. Ena anali kutumiza kupyolera ku positi ofesi, ndipo wolandira anali kuyenda tsiku lonse kupita kuboma ndi citupa cake. Ndalama za matenda nthawi zina zinali kufika wodwala ataikidwa kale m'manda.

Nanga banki? Banki inali ya anthu olandira malipiro a pamwezi. Inali kufuna makalata, zithunzi ndi ndalama zosayenera kucoka m'buku, ndipo nthambi zake zinali m'matauni ndi m'maboma akuluakulu okha. Mu 1995 banki ya Meridien BIAO inagwa, ndipo anthu amene anasungitsako ndalama anapeza zitseko zili zotseka. Nkhani imeneyi inafika mpaka kumidzi. Alimi ambiri anangoti kuli bwino kugula mbuzi kapena kukwirira kacitini pansi pa mphasa kusiyana ndi kupereka thukuta lawo kwa anthu ovala mataye.

Mmene ndalama zinalowera m'lamya

Pamene basi inali kudutsa Chongwe ndi Rufunsa, tinali kuwerenga tinyumba ta ndalama m'mbali mwa msewu mpaka tinatopa. Tinyumba timeneti tili ndi mbiri yake. Mu 2002 kampani ya Celtel inayambitsa Celpay kuno ku Zambia, njira yolipirira zinthu pa lamya imene inathandiza makamaka amalonda akuluakulu. Mu Malichi 2007 kampani ya Safaricom ku Kenya inayambitsa M-Pesa, ndipo kumeneko kunaonekera kuti anthu wamba miyandamiyanda angathe kutumizirana ndalama pa lamya wamba yopanda intaneti. Mu 2009 kunabadwa kampani ya kuno kwathu imene inadzadziwika ndi dzina la Cinyanja lakuti Zoona, ndipo tinyumba take tobiriwira tinafika m'maboma ambiri. M'zaka za 2011 ndi 2012 Airtel ndi MTN nawonso anatsegula nchito imeneyi, ndipo ndi iwo amene anaifikitsa m'misika ndi m'midzi.

Kayendedwe kake ndi kotere. Mwini kanyumba amayamba wapereka ndalama zake ku kampani, ndipo kampani imamulembera ndalama zomwezo m'lamya yake. Zimenezi amazicha floti. Inu mukabwera ndi K200 kuti muike, iye amalandira mapepala anu ndi kusamutsa K200 kucoka pa floti yake kupita pa nambala yanu. Mukafuna kutapa, inu mumasamutsira K200 kwa iye, ndipo iye amakupatsani mapepala. Banki yaikulu ya dziko, Bank of Zambia, imalamula kuti ndalama zonse zolembedwa m'malamya a anthu zikhale ndi zinzake zenizeni zosungidwa pambali ku banki, zimene kampani siloledwa kuzisakaniza ndi zake. Kuti mutsegule buku lotere mumangofunika citupa ca NRC ndi nambala ya lamya yolembetsedwa m'dzina lanu.

Kafukufuku wa FinScope amaonetsa kukula kwa kusinthaku. Mu 2015, mwa anthu akuluakulu 100 aliwonse m'Zambia, 14 okha ndiwo anali kusewenzetsa ndalama za pa lamya. Pofika mu 2020 anali 58. M'zaka zisanu zomwezo, anthu okhala ndi njira ina iliyonse yosungira, kutumizira kapena kukongolera ndalama anakwera kucoka pa 59 kufika pa 69 mwa 100 aliwonse. Zimene mabanki sanathe kucita m'zaka makumi asanu, kalamya ka mabatani kanazicita m'zaka khumi.

Nsomba za pa Luangwa

Kupitirira Rufunsa msewu umayamba kukhotakhota m'mapiri, ndipo m'malo ena netiweki imasoweratu. Anthu m'basi anaika malamya m'matumba ndi kuyamba kucezerana. Pamene tinali kutsetsereka m'cigwa ca Luangwa mphepo inatha, majuzi anavulidwa, ndipo basi inaima pa msika wochuka uja umene uli kutsidya lino la mlatho. Mlatho wa Luangwa unamangidwa mu 1968, ndipo ukauwoloka walowa m'cigawo ca Kum'mawa. Pa msikapo pali milu ya nsomba zouma ndi zowamba, madengu, mikeka ndi zipewa zoluka.

Tinasankha nsomba za K150 zokapatsa amayi aakulu, ndipo tinafunsa amayi ogulitsa ngati tingalipire pa lamya.

"Tumizani atate," anatero, "koma muikepo ndi yotapira."

Anafotokoza kuti akapita kukatapa ndalamazo, kampani imadulapo kangacepe, ndipo ngati wogula saikapo, phindu la nsomba limathera komweko. Tinawonjezera, ndipo tinawafunsa ngati lamya yawathandiza pa malonda awo. Anayankha kuti kale anali kugona ndi ndalama zomangidwa pa nsonga ya citenje, tulo tosabwera. Tsopano madzulo amakaika zonse m'lamya. Akafuna nsomba zina amatumiza ndalama kwa asodzi a ku Feira, kumene Luangwa amathira mu Zambezi, ndipo matumba amabwera pa motoka iwo ali pomwepo akugulitsa. Mwana wawo ali pa sukulu yogonera komweko, ndipo za sopo amamutumizira kudzera kwa aphunzitsi.

Tinabwerera m'basi titanyamula nsomba zathu. Mau akuti "yotapira" tinawamva, koma sitinawaganizire. M'zaka ziwiri zonse sitinaikepo yotapira ngakhale kamodzi pa K500 ya amayi aakulu.

Kucoka pa Nyimba kufika pa Katete

Pa Nyimba tinagula nthoci pa zenera. Kupitirira apo dziko limatambasuka, ndipo kuyambira ku Petauke mpaka ku Sinda tinaona matumba a cimanga, soya ndi mpendadzuwa ataunjikidwa pafupi ndi masikelo a ogula mbewu. Zokolola za 2025 zinali zabwino, ndipo nkhope za anthu zinali kucitira umboni. Caka cam'mbuyo mwake sizinali tero. Pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala cija cinali tsoka la dziko lonse. Mkulu wina amene tinakhala naye mpando umodzi, mlimi wa ku Sinda, anatiuza kuti banja lake linapulumuka ndi ndalama zocepazocepa zimene ana ake a ku Migodi anali kutumiza pa lamya, nthawi zina K50, nthawi zina K100, tsiku lomwelo ufa ukatha. M'masiku a envelopu palibe amene akanatumiza K50 ulendo wonsewo.

Tinafika pa Katete dzuwa litapendeka pang'ono. Mapiri a Mphangwe anali kuoneka bwino cifukwa kunalibe mitambo. Pa mphambano pamene msewu wa ku Chanida, kumalire a Mozambique, umapatukira, panali anyamata a njinga zakapalasa ndi zamoto akulimbirana apaulendo. Tinakwera njinga zamoto ziwiri, tinatsata msewu wa phula kwa kanthawi, kenaka tinalowa m'njira ya fumbi yodutsa m'madimba ndi m'mitsinje youma. Mwini njinga aliyense anatilipiritsa K45. Tinalipira mosadandaula, poti ulendo unalidi wautali.

Amayi aakulu anatilandira ndi nthungululu. Anatigwira kumaso mmodzimmodzi, nati tanenepa, nafunsa za azipongozi awo ndi ana. Mnyamata uja anagwada potipatsa moni, analandira katundu, ndi kupita kukagwira nkhuku. Tinamuyang'anitsitsa kuti tione nsapato zatsopano kapena lamya yodula, koma anali ndi mapatapata omangidwa ndi waya. Usiku umenewo, titadya nsima ya nkhuku ndi mfutso wotendera, mau a mlandu anali kale pamilomo pathu. Koma akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Tinangoti kwa mnyamatayo: "Mawa titumiza ndalama za mwezi uno tili pompano, ndipo tidzapita nawe kukatapa."

"Cabwino amalume," anayankha. "Koma tilawirire."

Ulendo wa mnyamata

M'mawa tinafuna kutumiza ndalama tili pakhonde, koma malamya athu a ku Lusaka anali ngati miyala. Mnyamatayo anatitsogolera kuseri kwa sukulu, pa culu cacikulu cimene pamwamba pake udzu unatha ndi mapazi a anthu. Pamenepo ndiye pamene mudzi wonse umagwirira netiweki. Tinatumiza K500, ndipo uthenga unalowa m'kalamya ka amayi aakulu, kamene batire yake inali yomangidwa ndi mphira. Kuti kalamyako kakhale ndi moto, mnyamatayo amakasiya kwa mwini kantemba amene ali ndi sola, ndipo amalipira nthawi iliyonse.

Kanyumba ka ndalama kapafupi kali pa kamsika kena, ulendo wa ola limodzi ndi theka wapansi. Tinayenda. Tinapeza anthu asanu ndi mmodzi atakhala pamthunzi, ndipo mtsikana wa m'kanyumbako anatiuza tisanatsegule n'komwe pakamwa kuti ndalama zamanja zatha. Tinamufunsa cifukwa cake, ndipo anatifotokozera mofatsa. Kutauni anthu oika ndi otapa amakhala ofanana, motero mapepala amene wina wabweretsa ndiwo amapatsidwa kwa wina. Kumudzi pafupifupi aliyense amabwera kudzatapa. Pa kutha kwa mwezi, ana a kutauni akatumiza, kacikwama kake kamauma nthawi ya kadzutsa isanathe, ndipo lamya yake imadzaza ndi floti imene sangapatse munthu. Kuti apeze mapepala ena, mwini kanyumbako ayenera kupita kuboma ndi kubwerera ndi ndalama pathupi m'njira ya m'chire, cinthu cimene amacita kawiri kokha pa sabata poopa acifwamba. Phindu lake ndi kangacepe kamene kampani imamupatsa pa munthu aliyense wothandizidwa.

"Mwezi uliwonse zimakhala conco," anatero mnyamata wathu. "Ndimayamba pano. Ndikapeza zatha ndimapita kuboma."

"Pa njinga ya ambuya ako?"

"Njinga inathyoka cheni ndi kuphulika tayala nthawi ya mvula, amalume. Kuyambira pamenepo ndimakwera yamoto."

Tinakwera njinga zamoto mpaka pa Katete. Kumeneko tinyumba tili m'mizere, ndipo m'mphindi zisanu ndalama zinali m'manja. Mnyamatayo anabisa lamya ndi dzanja poika pini, anawerenga mapepala kawiri, ndi kuwayang'ana padzuwa, cifukwa ndalama zatsopano zimene zinatuluka pa 31 Malichi 2025 anthu a kumudzi anali asanazizolowere. Pa K500 ija, K10 inapita ku yotapira. Njinga yamoto kupita ndi kubwera ndi K90. Zotsala ndi K400.

Tinakhala pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi msika. Mnyamatayo anatulutsa m'thumba kabuku ka sukulu kopindika. Mmenemo munali mwezi uliwonse, tsiku lake, zimene zinabwera, zimene zinadulidwa, ndi zimene anapereka m'manja mwa ambuya ake. Pa mwezi wa Juni panali K30 ya mankhwala opaka m'maondo amene anagula pomwepo kuboma, cifukwa ambuya sanali kugona ndi ululu. Iwo anawerenga mapepala okha amene analandira, n'cifukwa cake anathokoza K370. Ndalama zochajira lamya sizinalembedwe pa K500 ija konse. Anali kulipira ndi zake za maganyu a m'madimba.

"Nanga bwanji sunatiuze za njinga?" tinamufunsa.

Anayang'ana pansi. "Mukaimba mumafunsa ngati ndalama zafika, amalume. Ndimati zafika."

Tinasowa conena. Tinamuuza zoona zake za ulendo wathu, kuti tinabwera titamuganizira zoipa, ndipo tinamupempha kuti atikhululukire. Si cinthu capafupi kwa malume kupepesa kwa mwana wa mlongo wake pakati pa msika, koma tinalibe njira ina. Iye anangoti, "Palibe kanthu," napukuta m'maso ndi mkono wa malaya. Tisanacoke kuboma tinagula cheni, tayala ndi chubu.

Walira mvula walira matope

Madzulo anthu a m'mudzi anabwera kudzationa, ndipo nkhani ya ndalama za pa lamya inakula. Palibe amene anafuna kubwerera ku masiku a envelopu. Amayi ena anasimba mmene mwana wawo wapakati anadwalira usiku, ndipo mlamu wawo wa ku Chipata analipira mwini motoka pa lamya nthawi yomweyo, kotero kuti anafika ku cipatala ca St Francis kusanace. A mphakati anati zopereka za maliro tsopano zimasonkhanitsidwa tsiku limodzi, ngakhale kwa ana a m'mudzi amene ali ku Livingstone kapena ku Solwezi. Ena amalipira nyale za sola pang'onopang'ono pa lamya mpaka zitakhala zawo.

Koma panalinso madandaulo. Mkulu wina anagulitsa soya ndi kuika ndalama zonse m'lamya. Patapita masiku awiri munthu wa mau aulemu anamuimbira, nati ndi wa ku kampani, ndipo nambala yake itsekedwa akapanda kuchula pini. Anachula, ndipo thukuta la caka conse linapita m'mphindi imodzi. Mnyamata wathu anationetsa mauthenga amene amalowa m'lamya ya ambuya ake, akuti "ndalama zija mutumize pa nambala iyi", ocokera kwa anthu osadziwika amene amangoponya mbedza kuti mwina wina akodwa. Palinso ngongole za pa lamya zimene zimaperekedwa popanda kuonana ndi munthu. Kutenga kwake n'kosavuta, koma zimabwezedwa ndi ciwongoladzanja m'masiku ocepa, ndipo ena amatenga yaciwiri kuti atseke yoyamba, monga zinalili ndi kaloba. Makolo anadandaulanso za anyamata amene amabecha mpira pa lamya mpaka ndalama za feteleza kutha. Wina anakumbutsa kuti kuyambira mu Januwale 2024 boma limatengako msonkho munthu akatumizira mnzake ndalama, ndipo ngakhale ndi wocepa, wosauka amaumva.

Tinaona kuti mavuto onsewa amagwera kwambiri anthu a mtundu umodzi: okalamba, osadziwa kuwerenga, ndi azimayi amene lamya ya panyumba ili m'thumba la amuna awo. Mau a pa lamya amabwera m'Cingerezi ndipo amazimiririka msanga munthu akacedwa kuyankha. Amene sangawerenge ayenera kupereka lamya ndi pini kwa wina. Amayi aakulu ali ndi mwayi kuti winayo ndi mdzukulu wokhulupirika. M'kaundula wa kampani iwo amawerengedwa ngati munthu amene ali ndi buku la ndalama, koma sanadinepo batani ngakhale limodzi. Titawafunsa ngati angakonde kusiyako zina m'lamya m'malo motapa zonse, anaseka. "Fodya ndi uyu ali pamphuno, ana anga. Ndalama imene sindingaigwire ndiidziwa bwanji kuti ilipo?"

Bokosi la maloko atatu

Tsiku lacitatu tinaitanidwa kukaonerera msonkhano wa gulu la azimayi losunga ndi kukongozana ndalama, la mtundu umene umachedwa SILC. Njira imeneyi inafalitsidwa ndi bungwe la Catholic Relief Services pamodzi ndi maofesi a Caritas, ndipo yazika mizu m'maparishi ambiri a Kum'mawa. Azimayi oposa makumi awiri anakhala mozungulira pa mphasa. Pakati panali bokosi lacitsulo la maloko atatu, ndipo makiyi ake amasungidwa ndi anthu atatu osiyana, pamene bokosilo limagona kwa wacinayi. Aliyense poika ndalama zake anali kuchula mokweza, owerenga awiri anali kuwerenga pamaso pa onse, ndipo mlembi anali kulemba. Pomaliza gulu lonse linabwereza pamodzi ciwerengero ca zimene zatsala m'bokosi, kuti ngakhale wosadziwa kulemba apite naco kunyumba m'mutu.

Gulu limeneli nalonso layamba kusewenzetsa lamya. Miyezi yoyandikira kugawana, pamene bokosi limalemera ndipo akuba amayamba kununkhiza, amakaika zambiri m'lamya ya gulu. Koma anaika lamulo lofanana ndi la maloko: wosunga lamya sadziwa pini, wodziwa pini sasunga lamya, ndipo pa msonkhano uliwonse uthenga woonetsa zotsala umawerengedwa mokweza ndi mwana wa sukulu amene si wa m'banja la onse awiriwo. Azimayi amenewa sanadikire kuti wina wa ku Lusaka adzawaphunzitse. Anatenga cinthu catsopano ndi kuciika pansi pa mwambo umene anaudziwa kale, wakuti ndalama za anthu zimawerengedwa poyera.

Ife tinatengerapo phunziro. Madzulo ake tinakhala pansi anayi, amayi aakulu, mdzukulu wawo ndi ife, ndipo tinapangana motere. Pa K500 tidzaikapo yotapira ndi yochajira lamya. Tidzatumiza pakati pa mwezi, pamene kanyumba kapafupi kamakhala ndi mapepala, osati pa kutha kwa mwezi pamene aliyense akuthamangira komweko. Za sopo, mcere ndi mafuta tidzalipira mwacindunji pa nambala ya mwini sitolo wa pa kamsika, amene anavomera, kuti ndalamazo zisafunike kutapidwa. Ndipo tsiku lotapa, mnyamatayo adzakwera pa culu pamodzi ndi ambuya ake ngati maondo alola, kuti atiwerengere za m'kabuku kake iwo akumva.

Kwa inu owerenga

Ambiri a inu mumatumiza ndalama kwa makolo kumudzi, ndipo mumacita bwino. Tikupemphani kuti mufunse mafunso amene ife tinacedwa kufunsa. Kodi lamya amasunga ndani, ndipo pini amaidziwa ndani? Kanyumba kapafupi kali pa mtunda wotani, ndipo kamakhala ndi mapepala masiku ati? Wokatapa amayenda bwanji, ndipo ulendowo umadya zingati? Auzeni okalamba mobwerezabwereza kuti palibe wanchito woona wa kampani amene amafunsa pini pa lamya, ndipo kuti uthenga wopempha ndalama uyenera kutsimikizidwa poimbira mwini wake pa nambala imene amaidziwa kale. Musanadine batani lomaliza, werengani dzina limene latuluka, cifukwa ndalama zopita pa nambala yolakwika zimavuta kubweza. Ndipo m'mphakati mwanu, ngati muli wina wodziwa bwino zimenezi, apatule Sabata limodzi aphunzitse azimayi ndi okalamba kuona okha zotsala m'lamya zawo.

Tinanyamuka m'mawa wa tsiku lacinayi. Amayi aakulu anatipatsira nshawa, mbatata ndi nkhuku yamoyo imene inatisautsa njira yonse. Mnyamatayo anatiperekeza mpaka pa msewu wa phula, thumba la nshawa atalimanga pa njinga imene anaikonza yekha dzulo lake. Potsazikana tinamufunsa za sukulu, cinthu cimene m'zaka ziwiri sitinamufunsepo, ndipo tinamva kuti ali mu Giredi 11 ndipo amakonda masamu.

Basi ya ku Lusaka itafika pa Luangwa tinatsika kukagula nsomba za ana kwa amayi omwe aja. Anatizindikira. Tisanafunse mtengo anati, "Musaiwale yotapira, atate." Tinawauza kuti sitidzaiwalanso.